Funsani Mmisiri: kakhitchini kochotseka m'boti la matanga

Funso

A Mmisiri, ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala pa boma la Ntcheu. Chaka chatha ndinagula boti laling'ono la matanga kwa munthu wina amene amasamuka ku Monkey Bay. Ndi la faiba, kutalika kwake mamita 5.5, ndipo kutsogolo kuli kachipinda koti anthu awiri n'kugona koma osatha kuimirira. Limakhala pakhomo pa ngolo yake, ndikafuna nyanja ndimalikoka ndi pikapu. Ine ndi mayi akunyumba tikufuna tizigona m'botimo masiku awiri kapena atatu, koma kuphika kukutivuta. Mapoto, ufa ndi mbale timaika m'makatoni, mafunde akayamba zonse zimamwazika. Ndikufuna kakhitchini koti ndizikachotsa tikabwerako. Khomo la kachipindako ndi masentimita 55 m'lifupi. Ndikhome bwanji, ndipo ndiphikire chiyani? Mayi akuti mbaula yathu yaing'ono ikukwanira.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Yankho

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwachita bwino kutchula muyeso wa khomo. Za matabwa tikambirana, koma ndiyambe ndi mawu a mayiwo, chifukwa akukhudza moyo wa anthu awiri.

Mbaula yamoto isalowe m'kachipindako ngakhale kwa mphindi zochepa. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndiponso suoneka. Munthu amamva mutu kuwawa, kenako chizungulire ndi tulo, mphamvu zoti adzuke atsegule chitseko n'kumuthera. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu nkhaniyi si yachilendo. Kukazizira mu Juni ndi Julayi timamva za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka osadzukanso. Kachipinda kanuko n'kakang'ono kuposa chipinda chilichonse cha m'nyumba, ndipo mpweya sudutsa pa faiba. Khala limodzi likagwera pansi, utomoni umene anaumbira botilo umayaka ndi utsi wakuda wotsamwitsa. N'zoona kuti chambo chowotcha pa makala n'chokoma kuposa cha pa gasi. Mbaulayo tengani, koma iyende yozizira m'thumba, ikayatsidwe pa mchenga mukakocheza.

N'chifukwa chake ndagwirizana nalo ganizo lanu la kakhitchini kochotseka, ndipo ndikufuna mulione mokulirapo. Inu mukufuna kuti muzikachotsa mukafika kunyumba. Ine ndikuti kakhale koti muzikatulutsa nthawi iliyonse yophika. M'kachipinda mukhale mosungira basi. Moto uziyaka panja, kumbuyo kumene mumakhala pogwira chiwongolero, kapena pagombe. Muyeso uliwonse umene ndikupatseni ukuchokera pamenepa.

Kunena za sitovu, gasi ndiye wosavuta kupeza masiku ano, koma khalidwe lake m'boti mulidziwe. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. M'nyumba akatayikira amayenda pansi n'kutulukira kunsi kwa chitseko. M'boti alibe kotulukira, amatsikira pansi penipeni pamene madzi amadikha, n'kukhala pomwepo kudikira machesi. Choncho silinda isagone m'kachipinda. Ikhale kunja, yoimirira, yomangidwa, pamthunzi, pamalo oti mphepo ikuwomba. Musanayambe ulendo pakani madzi a sopo pa regulator, kachipangizo kolumikiza paipi ku silinda, ndi polumikizira paipi ponse. Mukaona thovu likufufuma ndiye kuti pakutuluka gasi, musayatse kufikira mutakonza. Paipi ya mphira ikayamba ming'alu isintheni. Mukatha kuphika tsekani ku silinda kaye kuti gasi wotsala m'paipi apse, kenako mutseke ku sitovu.

Masilinda aang'ono aja amene poto amakhala pamutu pake penipeni ndi abwino pakhonde la nyumba, koma m'boti sindiwakonda. Poto amakhala m'mwamba, tsinde ndi lopapatiza, funde limodzi la boti la injini lodutsa chapafupi likhoza kukhuthulira phala lowira pa miyendo ya mayi. Funani sitovu ya mbale imodzi, yafulati, yolandira gasi kudzera m'paipi. Tisitovu ta zitini za gasi timagwiranso ntchito, koma chitini chisasiyidwe padzuwa la kunyanja, ndipo musatereke poto wamkulu wophimba pamwamba pa chitinicho, chifukwa kutentha kumabwerera pansi n'kuchiphulitsa. Sitovu ya sipiriti wa pepo uja imakondedwa m'maboti a kunja poti siikhala ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Vuto lake lawi silioneka bwino masana ndipo imachedwa kuwiritsa madzi a nsima. Mukaisankha, musathire sipiriti sitovu isanazizire.

Tsopano bokosi. Musakhome limodzi lalikulu, khomani awiri. Loyamba la moto: sitovu, mapoto awiri olowetsana, mthiko, chipande ndi mpeni. Lachiwiri la madzi ndi zakudya: beseni, mbale, makapu, ufa, mchere, mafuta. Chifukwa chake ndi msana wanu. Bokosi mudzalinyamula mutawerama pansi pa denga lalifupi, phazi limodzi m'kati lina kunja, boti likugwedezeka. Lililonse likadzaza lisapitirire makilogalamu 15. Likaposa apo mudzayamba kuchita ulesi kulitulutsa, tsiku lina lamvula mudzayatsa moto m'kati.

Poti khomo ndi masentimita 55, bokosi lisapitirire 45 ku mbali imene likudutsira, kuti zala zanu zipeze malo. Yesaninso khomolo m'munsi, chifukwa makomo ambiri a maboti otere amapapatira chakunsi. Ine ndikanayamba ndi masentimita 45 m'litali, 35 m'lifupi ndi 30 msinkhu, koma manambalawa musawakhulupirire musanawayese. Tengani makatoni omwe akukuvutitsaniwo, muwadule ndi kuwamata ndi tepi mpaka afanane ndi bokosi lenileni. Ikanimo mapoto anu enieni. Lowani nalo, tulukani nalo, likhazikeni pamene lizikhala, kenako gonani pa benchi muone ngati miyendo ikutambasuka. M'boti mulibe khoma lowongoka, sikweya ndi tepi zokha zimanamiza. Katoni ikakwana bwino, muipereke kwa kalipentala ikhale patani yake. Mayi akhalepo pa kuyesaku, ndiwo akudziwa chimene dzanja limafuna kufikira msanga ndiwo zili pamoto.

Zogwirira musakhome zachitsulo zotuluka kunja, zimakola zingwe ndi kukanda miyendo. Boolani zibowo ziwiri m'mbali, mupise chingwe, mumange mfundo m'kati. Chivundikiro chikhale chovula chonse, chopanda mahinjesi, chifukwa mukachitembenuza chimasanduka thabwa lodulirapo matimati ndi anyezi. Chizungulireni ndi kamphepete kotukuka masentimita 3 kapena 4 kuti kapu isatsetsereke, koma m'makona musiye mipata yopukutira madzi. M'kati mugawe zipinda zothina. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake ochigwira, mbale ziimirire cham'mbali, mpeni ulowe m'kamng'alu kake. Mabotolo agalasi asiyeni kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene mapulani a makhitchini a maboti ochokera kunja saganizira, ndicho nsima. Anzathuwo amatenthetsa supu ndi kuwiritsa tiyi, poto amangokhala phe pamoto. Nsima imafuna kuvundula ndi mphamvu, mthiko umakankha poto uku ndi uku, ndipo kasitovu kopepuka kamayenda nawo. Choncho sitovu imangidwe ku bokosi ndi mabawuti, ndipo poto akhale ndi chomugwira. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupindireni kampanda ka chitsulo chozungulira cha mamilimita 6 kapena 8, kozinga sitovu yonse, kotukuka mpaka pakati pa poto. Pamwamba pake pakhale tizitsulo tiwiri topingasa, tosendezeka, toti muzipanira poto wamkulu kapena wamng'ono n'kukunga ndi nati ya mapiko. Ndi zimenezi mayi azivundula ndi manja awiri osaopa. Poto akhale wakuya, madzi asapitirire theka, ndipo wophika asavale chitenje chopepuka cha nayiloni pafupi ndi lawi.

Mbali yakutsogolo ya bokosi la moto ikhale yovula, zitatu zinazo zitsale ngati chotchinga mphepo. M'kati mwake mukute ndi lata la aluminiyamu, koma lisagunde thabwa. Ikani mawashala kapena manati pakati kuti patsale mpata wa sentimita imodzi kapena kuposerapo. Mpata umenewo ndi umene umateteza thabwa, chifukwa lata logunda limangopatsira kutentha. Pamwamba pa moto pasakhale thanga kapena tenti yolendewera. Musanayatse, pindani thanga, mtengo wake wopingasa muukokere kumbali n'kuumanga.

Pa kamangidwe ndi pamene ndimaona anthu akupeputsa. Amaganiza kuti chinthu chochotseka chikhoza kungokhazikidwa. Boti la matanga limayenda chopendekeka, mukatembenuka limapendekera mbali inayo, ndipo likamadula mafunde mutu wake umakwera n'kumenya pansi. Bokosi liyenera kugwidwa kuti lisapite kutsogolo, lisapite m'mbali, lisadumphe m'mwamba. Ganizani mmene wakabaza amamangira thumba la mbatata potsika ku Lizulu: amadziwa kuti likangosuntha pang'ono, njinga yonse yagwa. Bokosi la makilogalamu 15 louluka m'kachipinda likhoza kuthyola nthiti.

Njira yake ndi iyi. Pa benchi pamene bokosi lizikhala, matani timatabwa tinayi tozungulira tsinde lake, ngati felemu yoti bokosi lizikhalamo mothina. Timeneti tiletsa kutsetsereka. Kuti lisadumphe, pitsani lamba womangira katundu pamwamba pake, wokoledwa ku mphete ziwiri zachitsulo. Mphetezo zimangidwe ndi mabawuti obowoleza, kunsi kukhale kathabwa kapena washala wamkulu. Masikuluwu okha pa faiba yopyapyala amazuka. Musanabowole, pisani dzanja kapena galasi loonera kunsi kwa benchi. Mukapeza kuti kuseri kwake ndi thupi la boti, kapena ndi chipinda chomata chimene anaikamo thovu loyandamitsa boti, musabowole. Pamenepo palani ndi sandipepa, mupukute bwino, mumate ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy. Felemu ina yofanana ikhale kunja kumene muziphikira, kuti bokosi likatuluka likhalenso ndi pogwira. Mphira za chubu zisakhale chomangira chachikulu, zimatamuka ndipo dzuwa limazidya.

Malo abwino a mabokosi ndi pafupi ndi khomo, osati m'mwamba, chapakati pa boti. Kutsogolo kwenikweni ndi kumene kumadumpha kwambiri. Mabokosi awiriwo muwaike wina uku wina uku kuti boti lisalemere mbali imodzi, ndipo asatseke njira yotulukira kapena pamene pali zovala zoyandamitsa. Madzi ndiwo katundu wolemera kuposa onse, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. M'malo mwa chigubu chimodzi cha malita 20, tengani zinayi za malita 5. N'zosavuta kunyamula, zimalowa m'makona, ndipo chimodzi chikabooka simutaya onse.

Sinki yokhala ndi paipi yotulukira kunja musaiganize n'komwe. Bowo lililonse pa thupi la boti ndi khomo la madzi. Dulani bowo lozungulira pamwamba pa bokosi lachiwiri loti beseni la pulasitiki lizikhalamo ndi mlomo wake, mukatha kutsuka mulinyamule mukataye kumtunda, kutali ndi madzi. Mukapita cha ku Cape Maclear mukumbuke kuti muli m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake monga mbuna. Sopo, mafuta ndi mapepala apulasitiki zibwerere nanu. Madzi akumwa tungani kunyumba. Akatha, a m'nyanja muwawiritse kapena muthire klorini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo madzi a pafupi ndi madoko a asodzi amaoneka oyera pamene sali abwino.

Boti likuyenda musaphike. Maboti akuluakulu a panyanja zamchere amakhala ndi sitovu yolendewera pa zitsulo imene imadziwongola yokha boti likapendekeka, koma pa boti la mamita 5.5 imeneyo ndi ntchito yambiri yopanda phindu. Phikani mutaponya nangula pamalo obisika, kapena pagombe. Ine ndinakulira cha ku Mtakataka, ndipo aliyense wa kumeneko akuuzani kuti mwera, umene umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ukhoza kusintha nyanja yabata kukhala mapiri a madzi nthawi yochepa. M'mawa wiritsani tiyi muthire mu fulasiki, phikani mbatata ya kachewere ndi mazira, muike m'kontena yotseka pafupi ndi chiwongolero. Nsima idikire madzulo. Chozimira moto cha ufa, cha kilogalamu imodzi kapena ziwiri, chipachikidwe pakhomo poti mukhoza kuchifikira muli kunja kapena m'kati. Mafuta ophikira akagwira moto musathire madzi. Tsekani gasi, vundikirani poto.

Ndisaiwale za msewu, chifukwa umagwedeza katundu kuposa nyanja. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, pamene nyanja yathu ili cha pa 474, ndipo amene anatsikapo phiri la Golomoti akudziwa mmene makona ake alili. Ngolo zing'onozing'ono zimadumpha kwambiri. Mabokosi ndi madzi zikwere kumbuyo kwa pikapu, silinda yoimirira ndi yomangidwa, zilowe m'boti mukafika. Mukaunjika katundu kumbuyo kwa boti lili pa ngolo, kulemera kumachoka pa chokokera ndipo ngolo imayamba kupepeluka. Potsika phirilo gwiritsani giya yotsika kuti mabuleki asapse. Inu a ku Ntcheu mulinso ndi njira ya kumunsi, yolowera cha ku Chingeni n'kutsata msewu wa M5 kudzera ku Sharpevale mpaka pa mphambano yopita ku Monkey Bay. Ndi yozungulira, koma ilibe makona a phiri aja.

Mukabwerako tulutsani zonse, mabokosi muwatsuke, aume padzuwa ali otsegula, muwasunge pa shelefu osati pansi. Ufa wotsala usagone m'boti, makoswe akalowamo amadya ndi matanga omwe.

Funso

Bambo Mmisiri, ndine mnyamata amene ndangomaliza kuphunzira ukalipentala, ndili ndi kashedi pa Lizulu. Bwana wina wandipatsa ntchito ya bokosi loti lizikhala m'boti, ndipo akuti akufuna pulayiwudi wa m'madzi. Ndafunsa m'mahadiweya apafupi, alibe. Kodi paini wa kuno sangachite? Ndikuopa kutaya ntchitoyi.

Kalipentala wachinyamata, Lizulu

Yankho

Mphwanga, ntchitoyo usaitaye. Pulayiwudi amene bwanayo akunena amasiyana ndi wamba pa zinthu ziwiri: guluu wake sasungunuka m'madzi, ndipo m'kati mwake mulibe mipata. Weniweni amakhala ndi chidindo cha BS 1088, ndi wodula, ndipo ukamufuna uyenera kufunsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pokhoma thupi la boti ndiye wofunikadi. Pa bokosi lokhala m'kati, limene limatuluka n'kukauma kunyumba, pulayiwudi wabwino wopangidwira ntchito za panja amakwanira, bola umuyese kaye.

Pempha kachidutswa kakang'ono, ukawiritse m'poto kwa ola limodzi kapena awiri, ukaumitse padzuwa, ukawiritsenso. Kenako yesa kulowetsa mpeni pakati pa zigawo zake. Zikamatuka, ameneyo ndi wa siling'i ndi makabati a m'nyumba. Zikagwirana, gula. Yang'ananso m'mphepete mwa shiti lonse, likakhala ndi mabowo ambiri lisiye. Shiti limodzi la mamilimita 2440 kwa 1220 likukwanira mabokosi awiri aang'ono. Wa mamilimita 9 ndi wabwino m'mbali, pansi ndi pa chivundikiro ukhoza kuika wa 12. Chipboard ndi MDF usayese, zimamwa madzi n'kufufuma. Blockboard ndi wolemera ndipo guluu wake nthawi zambiri ndi wa m'nyumba.

Paini wa ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza ali ndi malo ake. Ndi wopepuka, ndiye gwiritsa ntchito pa timatabwa ta m'makona ta mamilimita 20 kwa 20, pamene masikuluwu azigwira. Akhale wouma ndithu. Amene angochekedwa kumene amapindika akafika ku kutentha kwa kunyanja. Pa mphepete ndi pa felemu yogwira bokosi pamafunika mtengo wolimba ngati mlombwa kapena mbawa. Mitengo imeneyi yatsala yochepa ndipo malamulo a zankhalango amaiteteza, choncho usagule matabwa a m'tchire opanda zikalata. Funa zidutswa za zitseko ndi mafelemu akale, n'zouma kale ndipo ntchitoyi imangofuna pang'ono.

Guluu woyera wamba amafewa akanyowa. Funa wolembedwa D3 kapena D4, zizindikiro za guluu wopirira madzi, kapena epoxy ngati bwanayo angakwanitse. Misomali yokha siigwira pa chinthu chogwedezeka, phatikiza guluu ndi masikuluwu. Nyanja yathu ilibe mchere, dzimbiri silithamanga ngati kunyanja zazikulu, komabe masikuluwu akuda aja a siling'i amachita dzimbiri msanga n'kudetsa thabwa. Gula a stainless kapena a brass.

Pamene uyenera kutayapo nthawi ndi m'mphepete modulidwa, chifukwa m'menemo ndi mmene pulayiwudi amamwera madzi. Pala mpaka posalala, makona onse uwazungulize kuti asabaye munthu, upake vanishi wosungunula pang'ono kuti alowe, aume, ubwereze katatu kapena kanayi usanapente. M'kati penta zoyera kuti zinthu zizioneka ndi tochi. Pansi pa bokosi khoma timiyendo tiwiri tatitali ta sentimita imodzi kuti lisakhale m'madzi, ndipo uboole timabowo tiwiri m'makona a pansi, utipakenso vanishi m'kati mwake. Madilowa ndi zivundikiro usazithinitse ngati za m'nyumba, siya mpata wa mamilimita 2 kapena 3 poti thabwa limafufuma ndi chinyezi.

Usanadule kanthu, pempha bwanayo akuonetse botilo, kapena akubweretsere patani ya katoni monga ndawauzira aphunzitsi pamwambapa. Pouza mtengo, werengera masiku oumitsa vanishi, chifukwa nyengo yachisanu kuno chigawo chimodzi chikhoza kutenga tsiku lathunthu kuti chiume, ndipo umuuziretu kuti bokosilo silingatuluke sabata yomweyo.